Kampando Komwe Nyanja Sinameze

Ine pa nkhani ya kunenerera sindinagonjepo, ndipo mawu amenewa ndinkawanena poyera, ngakhale pamaso pa abusa. Ndinakulira mu msika wa Limbe, pambali pa mulu wa kaunjika wa amalume anga, ndipo zimene ndinaphunzira pamenepo ndinakwera nazo ndege. Chinthu ukachikonda, usachiyang'ane kawiri. Chinyamule ndi zala ziwiri ngati chikununkha, uchipezere chilema, uchinyoze. Wogulitsa akauma mutu, chiike pansi uzipita, osacheuka. Akuitana basi. Palibe wogulitsa amene amapirira kuona msana wa kasitomala.

Ku America nzeru imeneyi inandidyetsa. Galimoto yanga yoyamba ndinaigula ku Landover kwa mkulu wina amene anatsala akudzifunsa ngati wagulitsa kapena waberedwa. Amalawi a m'dera lathu akafuna sofa, firiji kapena jekete la nyengo yozizira, foni inkalira ndi yanga. Choncho muzimvetse kuti pamene nkhani ya kampando inafika, sindinaione ngati nkhani n'komwe.

Zinali zaka za m'ma 1990, kwathu matipate atangoyamba kumene. Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo kampani yathu inandipatsa mdala wina wa ku Bethesda, mzungu wobadwira ku Mangalande amene anakhazikika kuno atakalamba. Sitiroko inali itamupha mbali imodzi, koma pakamwa inapasiya. Pa unyamata wake anali injiniya, ndipo kuchipinda kwake kunali chithunzi chachikulu cha damu la Kariba, khoma lokhotakhota litatsamwitsa mtsinje wa Zambezi.

M'mawa uliwonse ndikamamumeta ndevu, ankaloza chithunzicho ndi dzanja lake lamoyo. “Ndinamanga nawo chimenecho,” ankatero. Kenako inkabwera nkhani ya nyama. Madzi atayamba kukwera, akuti agwape, njiri ndi anyani zinatsekerezedwa pa timapiri tosanduka zilumba, ndiye anthu ankazitsatira pa maboti n'kumazikola ndi maukonde. Akafika pa mwana wa gwape amene anamunyamula pachifuwa, misozi inkalengeza. Tsiku lina ndinamufunsa za anthu a m'chigwacho.

“Anthu tinawasamutsa bwinobwino,” anayankha. “Panali malole.”

Ine ndinali ndi lezala pakhosi pake komanso lendi yondidikira, ndiye sindinafunse zambiri.

Pafupi ndi zenera panali kampando kakang'ono, kakuda bii, kosemedwa ku chipika chimodzi. Pamwamba pake panakhala mphika wa maluwa. Mdalayo anati anakatola m'mudzi wina umene anaupeza uli zii, madzi atafika kale m'makola a mbuzi, nkhuku zotsalira zili padenga. Ndinkakapukuta fumbi sabata iliyonse osakaganizira kanthu.

Ndiye dzino linandivuta. Tsiku lokazula, kampani inatumiza mayi wina kukandigwirira shifiti. Ndinkamudziwa, tinkapemphera limodzi mu holo ya sukulu imene tchalitchi chathu chinkachita lendi ku Landover. Anali wa ku Zambia, wamkulu pang'ono kwa ine, wosalankhulalankhula. Ndinkamutchula kuti asisi, iwo ankanditchula kuti ba Malawi. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, choncho ndinkangoti ndi a ku Lusaka basi.

Lamlungu lotsatira anandigwira pamalo oimika magalimoto, tsaya langa likadali lotupa.

“Imwe ba Malawi, ka mpando kaja kali na maluwa pamwamba, muziba kwamene kanachoka?”

“Ku damu kuja. Bwanji, mwakakonda?”

“Ni ka kwathu. Ine ndine Mutonga wa mu chigwa, ku Lusaka ninangokulira chabe. Kusema kuja ni kwa kwathu.”

“Ndi ka bambo anu?”

“Kaya. Kapena ka ba tate, kapena ka ba neba. Vinangu vonse vili pansi pa manzi.” Anandiyandikira. “Ba mai banga sibaona manje, koma manja yabo yaziba. Mu Disembala niyenda ku nyumba. Nifuna bakakagwireko bakalibe kufa.”

Kupempha mdalayo sikunali kotheka. Lamulo la kampani yathu linali lokhwima: ukapempha kapena kulandira ngakhale supuni m'nyumba ya wodwala, ntchito yatha. Tinangodikira osadziwa chimene tikudikira. Masamba a mitengo atayamba kufiira, mdalayo anamwalira, ndipo mwana wake wamkazi anabwera kudzatseka nyumba.

Kwathu katundu wa womwalira amagawana achibale, nthawi zina ndi zibakera. Kuno amaitana kampani, kampaniyo imamata kapepala ka mtengo pa chilichonse, mpaka pa ndodo imene malemu ankayendera, kenako amatsegula chitseko kuti aliyense wodutsa alowe azisankha. Nditamva kuti zichitika Loweruka, ndinawaimbira asisi.

“Nizakamba chabe na mwana wabo,” anatero. “Nizamuuza zoona.”

“Ayi, asisi, ayi! Mukangoonetsa njala, mtengo ukwera. Zoona zimadula. Nkhani iyi musiyireni mwini wake.”

“Mwini wake ni ndani?”

“Mukulankhula naye.”

Loweruka m'mawa tinapeza nyumbayo itadzaza alendo, ena akutsegula makabati amene ine ndinkaikamo matawulo a mdala. Mwana wake panalibe. Pakhomo panali tebulo, ndipo pa tebulopo panakhala mayi wina wa magalasi olendewera pa tcheni. Kampando kanali pompaja pazenera, maluwa atachotsedwapo. Ndinayang'ana kapepala ka mtengo kamodzi kokha, monga mwa lamulo. Mtengo wake unali wa nkhuku ziwiri zootcha za m'sitolo.

Asisi anali atapisa kale dzanja m'chikwama. Ndinawagwira mkono.

“Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Ba Malawi, ni kochipa!”

“Kochipa kangathe kutchipanso.”

Anthu ena amaganiza kuti timanenerera chifukwa chosowa ndalama. Sichoncho ayi. Kulipira mtengo woyamba kwa ine kunali ngati kulowa m'nyumba ya eni osaodira. Ndinakanyamula ndi zala ziwiri, ngakhale kanali kolemera ndithu, n'kupita nako pa tebulo paja.

“Mayi, kanthu aka kali ndi mng'alu,” ndinatero m'Chingerezi changa cha Lamlungu. “Kakununkha utsi. Onani pamwamba apa, madzi a maluwa anakaononga. Ndikuthandizani kukachotsa ngati mutadula mtengo pakati.”

Mayiyo anavala magalasi, anandimwetulira. “Tsiku loyamba sititsitsa, bambo. Bwerani mawa, zonse zikhala theka.”

“Mawa ndili kutchalitchi. Theka lero.”

“Pepani.”

Ndinakaika pansi mwaulemu, ndinawakoka asisi. “Tiyeni. Musacheuke.”

Tinafika pachitseko, zii. Ndinachepetsa liwiro pa masitepe, ndinayerekeza kumanga chingwe cha nsapato, zii. Tinadutsa pa kapinga, ine makutu ali kumbuyo ngati a bulu. Ku Limbe panthawi imeneyi munthu akanakhala atandigwira kale malaya, akunditchula kuti bwana, akulumbira pa ana ake. Kuno ndinangomva mayi uja akuuza munthu wina kuti tsiku likuyendereni bwino.

Tinalowa m'galimoto. “Akuganiza kaye,” ndinatero. “Azungu amachedwa kuzindikira kuti ataya kasitomala.”

Ndikulankhula choncho, m'nyumbamo munatuluka bambo wina wa tsitsi loyera lomangidwa kumbuyo ngati mchira wa mbewa. Kukhwapa kwake anapanira kampando kathu ngati kamwana ka mbuzi. Anakalowetsa m'vani, anatseka chitseko, ulendo.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwambi umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma unasankha kundikumbutsa vani itakhota kale.

Asisi sanakalipe. Bola akanakalipa. Titafika kumsewu waukulu anatembenukira kwa ine.

“Damu inatenga munzi,” anatero. “Ka mpando kanapulumuka damu, kalephera kupulumuka imwe.”

Madzulo ake anachita zimene ankafuna kuchita poyamba pomwe, anamuimbira mwana wa mdala uja n'kumuuza zoona. Mayiyo akuti anadandaula kwambiri. “Bwanji simunanene? Ndikanangokupatsani!” Asisi anandibwerezera mawu amenewa kawiri, pang'onopang'ono, kuopa kuti mwina koyamba sindinamve. Koma mayiyo anatithandiza, anafunsa kwa a kampani yogulitsa katundu ija ndipo anatipezera kumene wa mchira uja anali. Anali ndi sitolo ya zinthu zakale ku Falls Church.

Amene anayendetsapo galimoto pa mphambano ya Seven Corners, ku Falls Church komweko, akudziwa kuti misewu ya pamenepo anaijambula munthu ali ndi malungo. Tinazungulira mpaka sitolo ya Amwenye imodzimodzi inayamba kutizolowera. Titaipeza sitolo ya wa mchira uja, ndinatsala pang'ono kukadutsa kampando kaja osakazindikira. Anali atakapaka mafuta, atakakweza pa kabokosi koyera, nyale ikukawalira kuchokera kudenga. Kutsogolo kwake kunali kakhadi konena kuti ndi mpando wachifumu. Mtengo wake unali lendi yanga ya miyezi iwiri.

“Mpando wachifumu uti?” asisi ananong'ona. “Apa pamankhala munthu akusenda nsawa.”

“Musade nkhawa. Uyu ndi wamalonda mnzanga, timvana.”

Ndinayamba ndi mng'alu. Bamboyo anagwedeza mutu mokondwa. “Mwauona eti? Umenewo ndi umene ukutsimikiza kuti n'kakale.” Ndinanena za fungo la utsi. Anatseka maso n'kununkhiza. “Utsi wa m'mudzi weniweni. Umenewu sungaupange.” Ndinaloza pamene madzi a maluwa anadya. Anati imeneyo ndi mbiri ya ulendo wake. Chilema chilichonse chimene ndinkapeza, iye ankachitola n'kuchiika pamwamba pa mtengo. Ndinali ngati munthu wothira madzi m'chitsime cha mdani.

Ndinatulutsa chida chomaliza. Ndinatembenuka, ndinalunjika kuchitseko, osacheuka. Bamboyo anathamanga, mtima wanga unati eya, wagwa. Anandipitirira n'kunditsegulira chitseko.

Nditaima panja ndinapeza kuti ndili ndekha. Asisi anali atatsala m'kati, ndipo nditabwerera ndinawapeza akulankhula naye m'Chingerezi, mosakweza mawu, dzanja lili pa kampando. Nkhani imene ananena tsiku limenelo inenso ndinali ndisanaimvepo.

Anati m'chigwa muja ankakolola kawiri pa chaka, koyamba ndi mvula, kachiwiri m'mphepete mwa mtsinje, madzi osefukira akabwerera n'kusiya dothi lonona. Amithenga a boma atabwera kudzanena kuti mtsinje ukwera mapiri, akuluakulu anaseka, anati mtsinje si mbuzi yoti munthu angaimange. Kenako malole anafika. Agogo awo aamuna anakakamira mtengo wa pabwalo, anachita kuwanyamula. Manda onse anatsala. Kumene malole anakawatsitsa kunali miyala yokhayokha, chitsime chake cha madzi owawa. Mlongo wawo wamng'ono anatsegula m'mimba nyengo yoyamba yomweyo, n'kukhala woyamba wa banja lawo kuikidwa m'dothi lachilendo. Njala itavuta, amayi ankakumba mizu yofanana ndi ya kwawo, koma ina inali yakupha. Achibale a tsidya lina, amene kale unkawaolokera pa bwato m'mawa kukapempha mchere, anasanduka anthu a dziko lina, kuseri kwa nyanja yosaoneka malire. Mitengo ya m'mudzi mwawo akuti ilipobe, yoima m'madzi, youma, mbalame zokha n'zimene zimadziwa kuti pano panali pabwalo.

“Magetsi a damu limenelo amadutsa pamwamba pa mudzi wa mayi anga,” anamaliza. “Mawaya timawaona. M'nyumba timayatsa koloboyi.”

Ndinakumbukira mwana wa gwape uja, amene ndinamva nkhani yake m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu. Za mlongo wa asisi ndinazimva kamodzi, m'sitolo ya zinthu zakale, chifukwa choti ine ndinakana kulipira mtengo wa nkhuku ziwiri.

Bambo uja anavula magalasi, anapukuta m'maso. Anali atakhudzidwa zenizeni, zimenezo sindingamunamizire. Ndinawatsinzinira asisi kuti zatheka. Kenako anatenga cholembera n'kufunsa dzina la chigwacho, ndi kalembedwe kake.

“Mayi, simukudziwa chimene mwandipatsa,” anatero. “Kampandoka ndi kamtengo wapatali kuposa mmene ndinkaganizira. Chifukwa cha ulemu wanu, sindikweza mtengo.”

Sindikweza! Ndinayang'ana kudenga kuti mwina Mulungu naye wamva. Zoona zimadula, ndinanena ndine, koma sindinkayembekeza kuti ndingakhale wolondola m'njira yopweteka chonchi.

Apa m'pamene diso langa la ku Limbe linagwira ntchito. Ndinaona kuti bamboyo powerama ankagwira m'chiuno, ndipo pansi pa malaya ake panali lamba wa odwala msana. Kumbuyo kwa sitolo kunali makabati ataliatali atangounjikana pakhomo, osowa owalowetsa.

“Bwana,” ndinatero, “inu muli ndi kampando koma mulibe msana. Ine ndili ndi msana koma ndilibe kampando.”

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Tinagwirizana kuti Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi ndizimunyamulira katundu, kampando katuluke tsiku lomwelo. Ndinaumiriranso basela, anandipatsa katoni ndi nyuzipepala zakale zokulungira. Potuluka ndinayenda ngati tambala.

“Mwaona, asisi? Osatulutsa ngakhale khobidi.”

“Naona, ba Malawi,” anatero, katoni ali nayo pachifuwa. “Zikomo. Koma musanitengeko futi ku malonda.”

Za Loweruka zimenezo sindifuna kunena zambiri. Sindinkadziwa kuti anthu a ku Bethesda amakonda kufera pa nyumba zosanja, atasiya piyano kuchipinda chapamwamba. Ndinatsitsa makabati olemera ngati ng'ombe pa masitepe opapatiza, bwana wanga ali pansi akufuula kuti samalani ngodya. Ndinalowa m'nyumba za anthu akufa ambirimbiri, ndipo pafupifupi iliyonse inali ndi kanthu kochokera kwinakwake: ng'oma, chigoba, chitseko chosema, mtondo wosanduka moikamo maambulera. Ndinayamba kumazipatsa moni chamumtima.

Chimene chinandiwawa koposa msana ndinachiona Loweruka lina ndikulowetsa tebulo. Pa kabokosi koyera kaja panali timipando tina titatu, tooneka kuti n'tochokera kutali ndi Zambezi, mwina kumadzulo kwa Africa, mwinanso ku galaja ya munthu ku Maryland. Kutsogolo kwake kunali khadi latsopano, lalitali. Ndinawerenga. Munali malole, munali chitsime chowawa, munali mitengo youma m'madzi. Ngakhale mlongo wa asisi analimo.

“Bwana, timipando iti si ta kumeneko.”

“N'ta mtundu womwewo,” anayankha. “Anthu sagula mtengo wosema, amagula nkhani. Nyamulani mbali iyo.”

Ndinanyamula. Asisi sindinawauze mpaka atabwerako.

Ananyamuka mu Disembala, kampando atakakulunga m'chitenje, atakana kukapereka ku katundu wa pansi pa ndege. Anabwerera chisanu chili pachimake. Lamlungu loyamba tinaima pamalo athu aja oimika magalimoto, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ine nditavala lamba wa msana wofanana ndi wa bwana wanga.

Anati kuchoka ku Lusaka anakwera basi, kenako lole, kenako anayenda pansi. Mayi awo anawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba. Anawaikira kampando pamiyendo. Gogoyo anakasisita pamwamba, m'mbali, m'miyendo, anakatembenuza, anakanunkhiza. Anatenga nthawi yaitali. Kenako anati kasemedwe ka miyendoka si ka mudzi wawo, n'ka tsidya lina, kumene kunali alongo awo, ndipo anatchula dzina la mudziwo ndi mayina a anthu amene ankasema chonchi. Ena mwa mayinawo asisi anali asanawamvepo. Ana a pakhomopo anasonkhana, gogoyo analankhula mpaka mawu kusasa.

“Ndiye anakhalapo?” ndinafunsa.

“Awe. Banafunsa kuti kenze kuti masiku yonse aya. Ninabauza kuti ku America, kenze kunyamula maluwa.”

“Anati chiyani?”

“Banaseka mpaka kukhosomola. Bakuti mpando unakwela ndeke, bene bake banakwela lole.”

Ndinaseka nawo, koma ndinaona kuti asisi akundiyang'ana ndi diso lina, lija la munthu amene wasunga fupa.

“Banafunsa futi ngati bazungu bananibweza chabe. Ninakamba kuti awe, tinagula. Bakuti, vathu vomwe? Ninakamba kuti kuli mu Malawi wina anakalipila na musana wake, kufika Khirisimasi.”

“Eya. Munawauza bwino. Anathokoza?”

“Banathokoza maningi. Koma bafunsa kuti, nanga ku Malawi bantu sibaziba kukambitsana mutengo?”

Ndinangomangitsa lamba wanga wa msana.

Kampandoko akuti kali kumutu kwa mkeka wa gogoyo. Iwo saona, koma adzukulu anapeza kuti msinkhu wake ndi woyenera kuikapo koloboyi, ndiye madzulo kamanyamula nyale, mawaya akulira pamwamba pa denga kupita ku migodi ndi kumatauni. Nditawauza asisi za khadi lija, anangogwedeza mapewa n'kunena kuti bola mlongo wawo akuwerengedwa ndi wina.

Ine mpaka lero nyengo yozizira ikafika msana umandikumbutsa piyano iliyonse. Mdala wanga anafa akukhulupirira kuti anasamutsa anthu bwinobwino, ndipo khoma lake likadali chiimire. Wa mchira uja anagulitsa timipando take tonse titatu. Gogo anapeza kampando ka alongo ake, koma munda wokolola kawiri ukadali pansi pa nsomba. Ndipo ine, amene sindinagonjepo, ndimaumirirabe kuti ndalama sitinatulutse, ndiponso katoni ija inali yaulere. Inu amene mwamva zonsezi, ndiuzeni mosakondera: pa malonda amenewa, anapambana ndani?